Kodi matenda a mwana mmodzi ndi amene anagwetsa ufumu wa banja la Romanov?

Nachisale, ku Leeds

Moni nonse, akuluakulu ndi anzanga. Ndili ndi funso limene ndikupempha kuti mundithandize, makamaka inu amene munaphunzira mbiri yakale ndiponso inu amene mumagwira ntchito m'zipatala. Ku Science Museum, pa Exhibition Road ku South Kensington mumzinda wa London, kunali chionetsero chotchedwa The Last Tsar: Blood and Revolution, chimene chinatsegulidwa mu Seputembala 2018 pokumbukira kuti patha zaka 100 chiphedwere Nicholas II, wa banja la Romanov, mfumu yomaliza ya dziko la Russia, pamodzi ndi mkazi wake Alexandra ndi ana awo asanu. Chionetserochi chinatsekedwa pa 24 Malichi 2019. Ine ndinapitako ndi mwana wanga wamkazi, amene kusukulu akuphunzira za kusintha kwa boma kumene kunachitika ku Russia mu 1917.

Popeza nyumbayi ndi ya sayansi, nkhani yonse anaiyala motsatira zaumoyo wa banjali komanso kafukufuku wa mafupa awo. Tinaona bokosi la mankhwala limene banjali linkayenda nalo paulendo, diresi limene Alexandra ankavala ali woyembekezera, zithunzi zimene anajambula Mngelezi Herbert Galloway Stewart amene ankaphunzitsa ana a Xenia, mlongo wake wa mfumu, ndiponso dzira lachitsulo lokongoletsera la mu 1916, lopangidwa ndi kampani ya zokongoletsa ya Fabergé, lokhazikika pa tizipolopolo tinayi ta mizinga, limene mfumu inapatsa mkazi wake pa Pasaka nkhondo ili mkati. Munthu ukamayenda m'zipinda zimenezo, mtima umakuwawa chifukwa cha Alexei, mwana wamwamuna yekhayo wa mfumu, amene ankadwaladwala, ndi mayi ake amene sankagona tulo chifukwa cha iye.

Mwana wanga anatuluka ndi maganizo akuti zonse zinayamba ndi matendawo: mwana anadwala, mayi anathedwa nzeru, anakhulupirira Rasputin, mlimi wa ku Siberia amene ankamuona ngati munthu wa Mulungu wochiritsa, anthu anaipidwa ndi Rasputin, ndipo ufumu umene unayamba mu 1613 unatha mu 1917. Akufuna kulemba zimenezi m'nkhani yake ya kusukulu. Ine ndikuona kuti ndondomeko imeneyi ndi yosalala kwambiri moti ikundikayikitsa, pakuti dziko lalikulu chotero silingagwe chifukwa cha chipinda chimodzi cha wodwala. Komabe sindikufuna kumuletsa popanda kumupatsa zifukwa zomveka. Kodi n'koyenera kunena kuti matenda a Alexei ndi amene anagwetsa ufumuwo, kapena n'chisoni chabe chimene chikutichititsa kuona choncho?

Nabanda, namwino, ku Luton

Zikomo a Nachisale chifukwa cha funso lanu. Ine ndiyankha mbali imene ndimaidziwa, ndiyo ya matenda, ndipo ndiyambe ndi kunena kuti mwana wanu sanalakwitse kwenikweni, kungoti walumpha chinthu chimodzi chachikulu, chomwe ndi chinsinsi.

Alexei anabadwa mu Ogasiti 1904, pambuyo pa ana aakazi anayi: Olga mu 1895, Tatiana mu 1897, Maria mu 1899 ndi Anastasia mu 1901. Malamulo a kalowedwe ka ufumu amene mfumu Paul anakhazikitsa mu 1797 ankaika amuna patsogolo, choncho kwa zaka pafupifupi khumi dziko lonse linkadikira mwana wamwamuna. Atabadwa, pasanathe milungu yambiri, anayamba kukha magazi pamchombo osaleka msanga. Nthendayo ndi hemofiliya, imene magazi a munthu saundana bwino chifukwa m'thupi mumasowa puloteni ina yofunika. Kafukufuku wa mafupa amene anafalitsidwa mu 2009 anasonyeza kuti m'banjali munali mtundu wachiwiri wa nthendayi, wotchedwa hemofiliya B, umene puloteni yosowayo ndi factor IX. Anthu ambiri amaganiza kuti choopsa ndi kudzicheka ndi mpeni, koma ife amene tasamalirapo odwala oterewa tikudziwa kuti chowawa kwambiri ndi magazi okhera mkati, m'mawondo, m'zigongono ndi m'minofu. Mwana amangogunda pang'ono pa mpando, ndipo pofika usiku bondo latupa, likutentha, silikupindika, ndipo ululu wake ndi woti munthu wamkulu amalira. Masiku ano timabaya puloteni yosowayo m'mitsempha ndipo mwana amapita kusukulu ngati anzake, koma nthawi imeneyo madokotala analibe chochita china koposa kumugoneka, kumumanga ndi kudikira.

Nthendayi imayenda kudzera mwa amayi ndipo imaonekera mwa ana aamuna. Alexandra anali mdzukulu wa mfumukazi Victoria ya ku Britain. Mwana wa Victoria, Leopold, anamwalira nayo mu 1884 ali ndi zaka 30, ndipo mlongo wake wa Alexandra, Friedrich, anamwalira ali kamwana mu 1873 atagwa pawindo. Choncho mayiyu ankadziwa bwino lomwe chimene chinali kubwera, ndipo ankadziwanso kuti chinachokera kwa iye. Ndikukupemphani kuti mumuuze mwana wanu zimenezi asanamuweruze mayiyu.

Mu Okutobala 1912, ku Spała m'dziko limene lero ndi Poland, magazi anakhera m'ntchafu ndi m'chiuno mwa mnyamatayo mpaka madokotala anataya chiyembekezo, ndipo ansembe anamupatsa sakalamenti lomaliza. Rasputin, ali kwawo ku Pokrovskoye ku Siberia, anatumiza uthenga wa pa lamya wonena kuti mwanayo safa ndipo madokotala asamuvutitse kwambiri, ndipo mwana anayamba kuchira. Palibe chozizwitsa chimene ine ndikuchiona pamenepa. Mwana wotere akasiyidwa osamutembenuzatembenuza, ndipo mayi ake akadekha, magazi amatha kuleka okha. Ena amaganizanso kuti kuchotsa madokotala kunamupulumutsa ku asipirini, mankhwala amene anali atatchuka pa nthawiyo koma amasungunula magazi. Koma kwa mayi amene anali atagula kale nsalu ya maliro mumtima mwake, munthu amene ananena mawu amenewo sakanathanso kuchotsedwa panyumba.

Apa ndi pamene chinsinsi chinaonongera zinthu. Banjali silinauze dziko dzina la nthendayo, poopa kuti anthu adziwa kuti wolowa ufumu sadzakula. Choncho anthu ankangoona mlimi wa ku Siberia wa mbiri yoipa akulowa ndi kutuluka m'nyumba yachifumu popanda chifukwa chodziwika, ndipo pamene palibe chifukwa, anthu amapeka chawo. Anapeka zachiwerewere, ndipo nkhondo itayamba mu 1914 anapeka kuti mfumukazi, yobadwira ku Germany, ikugulitsa dziko kwa adani. Anthu akanadziwa zoona, mwina ambiri akanamva chisoni m'malo monyansidwa.

Bambo Mbewe, mphunzitsi wa mbiri yakale, ku Zomba

Mayi Nachisale, ine chionetserocho sindinachione chifukwa ndili kutali, koma nkhaniyi ndaiphunzitsa kwa nthawi yaitali, ndipo ndikugwirizana ndi kukayika kwanu. Ndikulemekeza zimene a Nabanda afotokoza, ndipo zonse n'zoona, koma mwana wanu akalemba kuti matenda ndi amene anagwetsa ufumu, ndiye kuti wachotsa m'nkhaniyo anthu mamiliyoni ambiri amene sanaonepo Alexei ndi maso awo, koma anali ndi zifukwa zawozawo zodera mfumuyo.

Choyamba amufunse funso ili: nanga mafumu ena a nthawi imeneyo anagwa bwanji? Wilhelm II wa ku Germany anasiya mpando mu Novembala 1918, ufumu wa Austria ndi Hungary unatha mwezi womwewo, ndipo ufumu wa Ottoman unatha mu 1922. M'nyumba zimenezi munalibe mwana wa hemofiliya wodikira mpando, munalibenso Rasputin. Chimene chinawafananitsa ndi nkhondo imene inadya anyamata, chakudya ndi chuma kuposa mmene maboma oterowo akanapirira. Russia anangoyamba kugwa chifukwa ndiye anali ndi ming'alu yambiri kale.

Ming'alu imeneyo Nicholas anaipeza, koma anaikulitsanso yekha. Analowa ufumu mu 1894 ali ndi zaka 26, ndipo mu Januwale 1895, pamene nthumwi za makhonsolo a m'zigawo zinapempha kuti anthu azimvedwa pa kayendetsedwe ka dziko, iye anati zimenezo ndi maloto opanda nzeru, nalonjeza kusunga ulamuliro wa munthu mmodzi monga anachitira bambo ake. Apa n'kuti Alexei asanabadwe, kutatsala zaka zisanu ndi zinayi. Pa chikondwerero chomulonga ufumu mu Meyi 1896, anthu oposa 1,300 anafa popondana pa bwalo la Khodynka ku Moscow pothamangira mphatso, ndipo usiku womwewo mfumu inapita kukavina kwa kazembe wa France. Pambuyo pake inayendera ovulala m'zipatala, koma anthu anakumbukira kuvinako. Mu 1903 Ayuda anaphedwa ku Kishinev apolisi akuonerera. Mu 1904 ndi 1905 Russia anagonja kwa Japan, ndipo zombo zake zankhondo zinamizidwa ku Tsushima. Pa 22 Januwale 1905, anthu ogwira ntchito m'mafakitale a St Petersburg, motsogozedwa ndi wansembe Georgy Gapon, anayenda mwamtendere atanyamula zithunzi za oyera mtima ndi za mfumu yomweyo, kuti akapereke madandaulo awo ku Winter Palace, nyumba yachifumu ya mumzindawo, ndipo asilikali anawawombera. Boma lenilenilo linavomereza kuti anafa oposa 100, pamene ena amati anali ochuluka kuposa pamenepo. Mfumu sinali mumzindamo tsikulo, inali ku Tsarskoye Selo, koma chikhulupiriro chakale chakuti mfumu ndi tate amene sakudziwa chabe mavuto a ana ake chinafera pomwepo. Rasputin anakumana ndi banjali koyamba kumapeto kwa chaka chimenecho, zonsezi zitachitika kale.

Chimene chimandipweteka ine ndi chakuti mwayi unalipo. Mu Okutobala 1905 mfumu inakakamizika kulola nyumba ya malamulo yotchedwa Duma, imene inakumana koyamba mu 1906. M'malo moigwira dzanja, inaithetsa patangopita miyezi yochepa, inathetsanso yachiwiri mu 1907, n'kusintha malamulo a chisankho kuti eni minda ikuluikulu achuluke m'nyumbamo. Mu 1912, chaka chomwe Alexei anadwala ku Spała, asilikali anawombera anthu ogwira ntchito m'migodi ya golide ya ku mtsinje wa Lena amene ankanyanyala ntchito, ndipo anafa ambirimbiri. Amayi a anthu amenewo nawonso sankagona tulo, koma mabokosi awo a mankhwala palibe amene anawasunga, ndipo n'chifukwa chake sitingawaone m'nyumba zosungiramo zinthu zakale. Sindikunena izi podzudzula amene anakonza chionetserocho, pakuti iwo anasankha nkhani ya zaumoyo ndipo ananena poyera kuti asankha imeneyo. Ndikungoti wopita kukaona zinthu za mafumu azikumbukira kuti katundu amene amapulumuka ndi wa olemera.

Ndikuvomereza kuti mu 1915, mfumu itapita ku Mogilev kukatsogolera yokha asilikali, Alexandra ndi Rasputin anakhala ndi mawu pa kusankha nduna, ndipo nduna zinkasinthidwa pafupipafupi moti boma linasowa mutu. Koma amene anasankha kupita kunkhondo, nduna zake zikumuletsa, ndi Nicholas mwiniwake. Ndipo taonani masiku: Rasputin anaphedwa mu Disembala 1916 m'nyumba ya Felix Yusupov, koma zinthu sizinakonzeke. Pa 8 Malichi 1917 amayi ogwira ntchito m'mafakitale a nsalu ku Petrograd, dzina la St Petersburg pa nthawiyo, anatuluka m'misewu chifukwa cha buledi, amuna anawatsatira, ndipo patapita masiku ochepa asilikali a mumzindamo anakana kuwombera anthu n'kulowa mbali yawo. Amayi amenewo sankaimba za Rasputin, ankafuna chakudya ndiponso kuti amuna awo abwerere kunkhondo.

Bambo Chirwa, ku Reading

Ine ndinapitako, mayi Nachisale, ndipo pa funso lanu ndili kumbali ya aphunzitsi a Mbewe. Koma ndikufuna kuonjezera mbali ya kumapeto kwa chionetserocho, chifukwa ndikuona kuti ndi imene ingamuphunzitse mwana wanu kusiyanitsa chimene chingatsimikizidwe ndi chimene chimangomveka bwino.

Usiku wa pa 16 kulowa pa 17 Julayi 1918, m'chipinda chapansi cha nyumba ya Ipatiev ku Yekaterinburg, gulu lotsogozedwa ndi Yakov Yurovsky linapha anthu 11, osati asanu ndi awiri okha. Kuwonjezera pa banjalo panali dokotala Evgeny Botkin, mdzakazi Anna Demidova, wophika Ivan Kharitonov ndi wantchito Alexei Trupp. Anthu anayi amenewa analibe mpando wachifumu woti atetezere, anangokhala ndi amene ankawatumikira mpaka mapeto, ndipo ine ndimaona kuti mayina awo ayenera kulembedwa m'nkhani iliyonse yonena za usikuwo. Zolakwa za mfumu zimene aphunzitsi afotokoza n'zoona, komabe sipanakhale mlandu uliwonse m'bwalo, ndipo wamng'ono mwa ophedwawo anali ndi zaka 13.

Boma la Soviet linabisa kumene mitembo inatayidwa, ndipo nyumbayo inagwetsedwa mu 1977, Boris Yeltsin ali mtsogoleri wa chipani m'chigawocho. Manda anapezeka mwakachetechete mu 1979 ndi Alexander Avdonin ndi Geli Ryabov, koma anafukulidwa mwalamulo mu 1991, ndipo munali mafupa a anthu asanu ndi anayi. Zidutswa zina zinabwera kuno ku England, ku Aldermaston, pafupi ndi kumene ndimakhala, kumene akatswiri a sayansi Peter Gill pamodzi ndi Pavel Ivanov wa ku Russia anaziyeza. Pali mtundu wa DNA umene munthu aliyense, mwamuna kapena mkazi, amatengera kwa mayi ake okha, ndipo umatsika mosasintha kwenikweni kuchokera kwa agogo aakazi. Kwa ife Achewa, amene mtundu timauwerengera kuchikazi, njira imeneyi si yachilendo: munthu ndi wa bele limene anayamwa. Prince Philip, amene anali mwamuna wa mfumukazi Elizabeth ya ku Britain, anapereka magazi ake chifukwa agogo ake akuchikazi, Victoria wa ku Hesse, anali mkulu wake wa Alexandra, ndipo DNA yake inafanana ndi ya mayi ndi ana aakazi atatu a m'mandamo. Kwa Nicholas panali kukayika pang'ono, mpaka anafukula mng'ono wake George ku St Petersburg mu 1994 n'kupeza kuti DNA yawo ikufanana. Mafupawo anaikidwa m'tchalitchi cha Peter and Paul pa 17 Julayi 1998, Yeltsin yemweyo alipo monga pulezidenti. Ana awiri otsalawo, Alexei ndi mlongo wake mmodzi, anapezeka mu 2007 m'dzenje lina pafupi pomwepo. Njira yomweyi ndi imene inasonyeza kuti Anna Anderson, amene kwa zaka zambiri ankati ndi Anastasia, sanali wa banjali.

Mpaka pa 28 Epulo 2019, ku Queen's Gallery ku Buckingham Palace mu London kunalinso chionetsero china cha ubale wa mabanja achifumu a ku Britain ndi ku Russia. Pa ubale umenewu mumuuzenso mwana wanu kuti mayi ake a George V, mfumu ya ku Britain pa nthawiyo, ndi mayi ake a Nicholas anali a mimba imodzi, ana a mfumu Christian IX ya ku Denmark, koma mu Epulo 1917 George V, poopa mkwiyo wa anthu ake, anapempha boma lake kuti libweze mawu oti m'bale wakeyo athawire ku Britain. Mantha amenewo akusonyeza mmene dzina la Nicholas linali litaipira ngakhale kunja, pa zifukwa zimene sizinali za matenda.

Nabanda, namwino, ku Luton

Aphunzitsi a Mbewe ndi bambo Chirwa, ndamva ndipo sindikutsutsa kuti njala ndi nkhondo ndi zimene zinatulutsa anthu m'misewu. Koma pali tsiku limodzi limene sindikufuna kuti lisowe m'nkhani ya mwana wa a Nachisale, chifukwa pa tsiku limenelo matendawo analowa m'ndale mosabisika.

Pa 15 Malichi 1917, m'sitima yake yapamtunda ku Pskov, akuluakulu a asilikali atamulangiza kuti atule pansi udindo, Nicholas poyamba anavomera kusiyira mpando Alexei, ndipo mng'ono wake Michael akanagwirizira ufumu mpaka mwanayo atakula. Atsogoleri ena a Duma ankafuna zimenezi, poganiza kuti anthu sangachitire nkhanza mwana wa zaka 12 amene sanalakwire munthu, ndipo ufumu ukanapulumuka uli womangidwa ndi malamulo. Masana a tsiku lomwelo mfumu inaitana dokotala Sergei Fyodorov n'kumufunsa mosabisa ngati mwanayo angachire. Dokotala anayankha kuti nthendayo ilibe mankhwala, ndipo anaonjezera kuti n'zokayikitsa kuti boma latsopano lingalole mfumu yamwanayo kukhala ndi makolo ake. Nicholas atamva zimenezi anasintha maganizo, ndipo pamene nthumwi za Duma, Alexander Guchkov ndi Vasily Shulgin, zinafika madzulo, anawauza kuti akutula pansi m'dzina lake ndi m'dzina la mwana wake, ndipo mpando ukupita kwa Michael. Tsiku lotsatira Michael, ataona kuti palibe amene angamutsimikizire chitetezo ku Petrograd, anakana kuulandira pokhapokha msonkhano wosankhidwa ndi anthu utamupatsa, ndipo msonkhanowo utakumana mu Januwale 1918 a Bolshevik, gulu la chikomyunizimu limene linali litalanda boma, anaubalalitsa utangokhala tsiku limodzi.

N'kutheka kuti ufumu wa mwanayo ukanangotha miyezi yochepa, pakuti nkhondo inali ikupitirira ndipo buledi anali akusowabe. Koma a Nachisale, mwana wanu akafuna kulemba za matendawo, achoke pa Rasputin, amene aliyense m'kalasi mwake adzalemba za iye, ndipo aike ndime imodzi yokhudza zimene anakambirana Nicholas ndi dokotala Fyodorov, itsatire pambuyo pa ndime za 1905, za Duma ndi za nkhondo zimene aphunzitsi a Mbewe amupatsa.